Kodi tingapalase njinga n'kumaonera mbalame m'mbali mwa njanji ya ku Luchenza?

Mphunzitsi wopuma, Luchenza

Abale ndi alongo, ndabwera ndi funso limene lakhala likundizungulira m'mutu kuyambira pamene mwana wa mlongo wanga, amene akugwira ntchito ya unamwino ku England, ananditumizira zithunzi za ulendo wake wa panjinga. Iye anapita kudera la Cornwall, kumene kuli njira yotchedwa Camel Trail, yotalika makilomita pafupifupi 29, yomwe kale inali njanji ya sitima yapamtunda. Sitima zinasiya kufika m'tauni ya Padstow mu 1967, zitsulo zinazulidwa, ndipo patapita zaka malo amene njanjiyo inkadutsa anasalazidwa kuti muzidutsa oyenda pansi, opalasa njinga ndi okwera akavalo, koma galimoto ayi.

Chigawo chimene chinandigwira mtima ndi cha pakati pa Wadebridge ndi Padstow, cha makilomita pafupifupi 9, chifukwa chimatsata gombe la pamene mtsinje wa Camel umathira m'nyanja yamchere. Kumeneko madzi amakwera ndi kuphwera kawiri pa tsiku, chinthu chimene ife ozolowera nyanja ya Malawi ndi Chilwa sitichidziwa, ndipo akaphwera amasiya matope aakulu pamene mbalame za miyendo itali ndi milomo itali zimatera kudzatola nyongolotsi ndi tinkhono. Pa chithunzi china ndinaonapo mbalame yoyera ngati kakowa wathu yemweyu, itaima m'madzi osaya, njinga ya mwanayo itatsamira mpanda chapafupi. Pansi pa chithunzicho analembapo kuti, "Amalume, inu mumakonda mbalame ndipo njanji ili kuseri kwa nyumba yanu, mukudikira chiyani?"

Mawu amenewa ndi amene andifikitsa pano. Njanji yochokera ku Limbe imadutsa pa Luchenza pano kulowera ku Khonjeni, Sandama ndi Thekerani, ndipo masiku ambiri pamakhala zii. Ndili ndi njinga yakapalasa imene ndinkapitira kusukulu zaka zonse za uphunzitsi wanga, ndiponso ana angapo a kalabu ya zachilengedwe pa sukulu yapafupi amandivutitsa kuti ndiwatengeko kukaona mbalame. Kodi ndi zotheka kuti munthu atsate njanji imeneyi pa njinga kuchokera ku Luchenza mpaka kumene Thuchila amakumana ndi Ruo? Nanga ndi mbalame ziti zimene tingayembekezere, ndipo ndi miyezi iti yoyenera? Ndifunsenso, ngakhale ena mundiseke: kodi sitingapemphe kuti chigawo china cha njanjiyi chisandutsidwe njira ya njinga monga anachitira anzathuwo?

Wogwira ntchito ya njanji wopuma, Khonjeni

Aphunzitsi, ndiyambe ndi funso lanu lomaliza, chifukwa ndi limene landidzutsa pampando. Njanji ya ku Cornwall imene mukunenayo inafa, eni ake anavomereza kuti yafa, ndipo anazula zitsulo. Yathuyi sinafe ayi, ikudwala chabe, ndipo wodwala sagawidwa chuma chake akadapuma. Njanji imeneyi inatsegulidwa mu 1908, kulumikiza Blantyre ndi Nsanje, amene panthawiyo ankatchedwa Port Herald, ndipo mlatho wa Dona Ana pa Zambezi utatha mu 1935 sitima zinkatha kuyenda kuchokera kuno mpaka kudoko la Beira popanda kuwolotsa katundu pa madzi. Tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje ankatulukira momwemu. Nkhondo ya ku Mozambique inatseka njirayo, madzi osefukira a mu 1997 anadula njanji kufupi ndi Chiromo, ndipo a mu 2015 anaononganso chigawo cha ku Makhanga. Koma ntchito yokonza yakhala ikuchitika, kuno kumtunda kuchokera ku Limbe kulowera ku Sandama, ndiponso kumunsi kuchokera ku Marka kulowera ku Bangula. Mayi wa ku Thekerani amene ali ndi matumba a nandolo ndi madengu a nanazi mukamuuza kuti njanji isanduke njira yoonerapo mbalame, sindikhulupirira kuti adzakupatsani mpando.

Tsono za kupalasa njinga pa njanji penipeni, chonde musayese, makamaka muli ndi ana a eni. Pakati pa zitsulo ziwirizo pali mpata wa mamilimita 1,067 okha, ndipo pansi pake pali zopingasa ndi miyala yoswa yakuthwa imene imadya tayala ngati chiswe. Choopsa kwambiri ndi milatho. Mlatho wa sitima ulibe pansi pathunthu ngati wa galimoto; pakati pa zopingasa pali mipata yoti munthu amaona madzi pansi, ndipo ulibe malo othawira. Ine ndinaonapo mnyamata atanyamula njinga paphewa pakati pa mlatho, kangolo ka injini ka oyendera njanji katatulukira pa khona, ndipo chimene chinamupulumutsa n'chakuti tsikulo tinkayenda pang'onopang'ono poyang'ana zitsulo zomasuka. Njingayo anaiponya mumtsinje, iye n'kuthamangira kutsidya akulumpha zopingasa ziwiriziwiri. Kuti zii sikutanthauza kuti palibe chikubwera, ndipo sitima yolemedwa siima pamene woyendetsa wakuonerani, imaima patali.

Komabe sindikufuna kukugwetsani mphwayi, chifukwa chimene mwana wa mlongo wanu anakonda ndikuchimvetsa. Sitima siikwera chitunda chachikulu, choncho omanga njanji amafunafuna malo otsetsereka pang'onopang'ono, kawirikawiri motsata mitsinje. Taganizani kuti Limbe ali pamtunda wopitirira mamita 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere pamene Chiromo safika ngakhale mamita 100, ndipo kutsika konseko njanji imakuchita mokhotakhota, poyamba m'chigwa cha Thuchila, kenako m'mphepete mwa Ruo. N'chifukwa chake m'malo ambiri muli tinjira ta anthu oyenda pansi ndi akabaza totsata njanji chapatali pang'ono, ndipo timeneto mungadutsemo popanda wokuletsani. Pamene kanjira kathera pa mlatho wa sitima, tsikani, funsani eni mudzi pamene iwo amawolokera, ndipo ngati madzi ndi ambiri bwererani. Kumbukiraninso kuti kumunsiko Ruo ndiye malire, tsidya linalo ndi Mozambique, ndiye musatengeke ndi mbalame mpaka kuwoloka.

Mayi woperekeza alendo, Likhubula

Bambo aphunzitsi, ndagwirizana ndi achikulire a ku Khonjeni pa za njanji, ndipo sindibwerezanso. Ine ndilankhule za mbalame, popeza ndakhala zaka zingapo ndikuperekeza alendo amene amabwera ku phiri la Mulanje osati kudzakwera Sapitwa, koma kudzakhala pansi pa mtengo theka la tsiku akudikira kambalame kamodzi.

Choyamba chimene ndinaphunzira kwa iwo n'chakuti njinga ndi yokufikitsani pamalo, koma mbalame simuiona muli pachishalo. Mukamapalasa maso amakhala pa maenje ndi miyala, tcheni chimalira, ndipo chimene mumaona ndi mchira wa chinthu chimene chathawa kale. Ubwino wa njinga ndi woti ilibe injini, choncho makutu amagwirabe ntchito. Mukamva kulira kwachilendo mumaima, kuigoneka pansi, n'kukhala chete kwa mphindi khumi kapena kupitirira. Pa zithunzi za ku England zija mwanena nokha kuti njinga inali itatsamira mpanda. Ulendo wa makilomita 10 woimaima umaonetsa zambiri kuposa wa makilomita 40 wothamanga, ndipo ndi ana a sukulu ndingakulangizeni kuti musapitirire pamenepo.

M'mbali mwa njanji kuchokera ku Luchenza mudzapeza mbalame za m'minda ndi za m'mitsinje, chifukwa nkhalango kumeneko inatha kalekale. Apumbwa, njiwa, aphwiti ndi mpheta zoluka zisa m'bango simudzazisowa. Pa mawaya ndi pa nthambi zouma pamakhala mnthengu, wakuda wa mchira wamphanda, amene saopa kuthamangitsa ngakhale kabawi. M'madambo muli akakowa, ndipo pa miyala ya mu Thuchila yang'anani nantchengwa. Mukaona chisa chake chachikulu cha timitengo pa mphanda ya mtengo, aonetseni anawo khomo lake laling'ono la m'mbali, chifukwa ambiri amangomva zoti mbalameyi ndi ya malodza koma sanayang'anepo luso la kamangidwe kake. Pansi pa milatho pamamanga anamzeze. Pa anamzeze pomwepa pali nkhani yokoma kwa ana: ena mwa amene timawaona kuyambira mwezi wa Okutobala mpaka Epulo saswera kuno, amaswera ku Ulaya ndi ku Asia, ndipo amathawa chisanu cha kumeneko kudzadya tizilombo ta dzinja lathu. Momwemonso timbalame tina totuwa togwedeza mchira m'mphepete mwa madzi, tofanana ndi tomwe mwana wa mlongo wanu amationa pa matope a Camel. Kakowa woyera wa pa chithunzi uja mwina ndi mtundu wa miyendo yakuda ndi zala zachikasu, umene ulikonso kuno m'madambo ndi m'nyanja. Ku Britain unayamba kuswa mu 1996, kotero kwa iwo akadali ngati mlendo pamene kwa ife ndi wapakhomo.

Koma ngati mukufuna chimene alendo amawolokera nyanja, njanji siikufikitsaniko. Dziko lino lili ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650, ndipo umodzi unatenga dzina la boma lanu lomwelo: Thyolo Alethe, kambalame ka msana wofiirira ndi pakhosi poyera, kamene kamapezeka m'nkhalango zowirira za m'mapiri a kum'mwera kwa Malawi ndi ena a ku Mozambique monga Namuli, Mabu ndi Chiperone, kwina kulikonse padziko lapansi kulibe. Kali pa mndandanda wa mbalame zimene zili pangozi yotheratu, ndipo chifukwa chake aliyense wa ku Thyolo akuchiona ndi maso: nkhalango ya pa phiri la Thyolo inadulidwa n'kusanduka minda. Kotsala ndi tizigawo ta nkhalango ta m'maesiteti a tiyi, monga ku Satemwa, ndi m'zigwa za phiri la Mulanje monga kumene Ruo amatulukira kumtunda kwa Lujeri. M'malo omwewo mumamveka nkhulukulu, imene ikauluka imaonetsa mapiko ofiira ngati moto.

Kambalame kameneka kamakonda kutsata linthumbu, osati kuti kadye linthumbulo kwenikweni, koma tizilombo timene timathawa pamene gulu lake likudutsa. Tsiku limene ndinakaona koyamba ndinali ndi mlendo wina wachikulire. Tinasiya njinga kumapeto kwa munda wa tiyi, tinalowa m'nkhalango mame asanaume, ndipo tinapeza mzere wa linthumbu ukudutsa pa kanjira, wakuda bii ngati chingwe. Tinakhala pa chipika chapatali pang'ono. Patapita nthawi kanatera pa nthambi yotsika, kanayang'ana pansi mutu uli chopendekera, kanadumphira pa masamba ouma, kanatola kena kake n'kubwerera pa nthambi pomwe paja. Ine, pofuna kuona bwino, ndinasendera kutsogolo osayang'ana pamene ndaponda. Zimene zinatsatira ndi zoti mlendoyo anaona mbalame kwa mphindi ziwiri, kenako anaona woperekeza wake akuvina ndi kukutumula chitenje kuseri kwa mtengo. Kuyambira tsiku limenelo ndimavala thalauzi n'kulowetsa miyendo yake m'masokosi, ndipo anawo muwauze zomwezo.

Misewu ya m'maesiteti ndiyo imafanana kwambiri ndi njira ya ku Cornwall ija, chifukwa galimoto ndi zochepa ndipo m'mbali mwake muli madamu ndi mitengo, kungoti zitunda zilipo ndithu. Dziwani kuti ndi malo a eni, ndiye pemphani chilolezo ku ofesi musanalowe. Ine ndinabwezedwapo pa chipata cha esiteti ina nditapalasa mtunda wautali ndi alendo awiri, chifukwa ndinadalira mawu apakamwa a munthu amene tsikulo sanabwere kuntchito.

Za nyengo, mbalame zimachuluka ndi kuimba kwambiri kuyambira Okutobala mpaka Disembala, mvula yoyamba ikamayandikira ndi kugwa, pamene zochokera kutali zafika ndipo zathu zikumanga zisa. Januwale mpaka Malichi matope ndi mitsinje yodzaza zimavuta, ndipo amene tinaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 sitichitanso masewera ndi mitsinje yochokera m'phiri. Meyi mpaka Ogasiti njira ndi zouma ndi zokoma kupalasa, koma tsiku la chiperoni mbalame zimangofunya chete, inunso mudzangonyowa pachabe. Nyamukani kusanache bwino. Ikamakwana 9 koloko m'mawa zambiri zimakhala zitaleka kuimba.

Wokonza njinga, Chitakale

Aphunzitsi, ine za mbalame ndisiyira amayiwa, koma njinga imene yagwira ntchito zaka zonse za uphunzitsi wanu iyenera kuonedwa ndi mmisiri isanatsike ku Sandama. Popita kumeneko njira ndi yotsetsereka, ndipo mabuleki a ndodo a njinga zakalezi sagwira bwino limu ikanyowa kapena ikapaka dothi lofiira la kuno, limene limamatirira pakati pa tayala ndi madigadi mpaka gudumu kuleka kuzungulira. Sinthani mabuleki, mangitsani masipoko, ndipo mutenge pampu, chubu chapadera, zigamba ndi guluu wake, sipanala ndi kamtengo kokokotera matope. Kumbukirani kuti kutsika konseko mudzakukwera pobwerera dzuwa litakula, ndipo kumunsi kwa Ruo kumatentha kuposa ku Luchenza. Njinga yopanda magiya pamenepo imasanduka katundu wokankha.

Magalasi oonera kutali musawamange pa kaliyala kapena kuwapachika pa handulo, chifukwa kugwedezeka kumasokoneza magalasi a m'kati mpaka chinthu chimodzi kumaoneka pawiri, ndipo zikatero kuno palibe amene angawakonze. Akulungeni m'nsalu, muwaike m'chikwama chapamsana.

Pali china chimene sichinatchulidwe, ndipo ndichinene mosabisa. Munthu wachilendo woima kuseri kwa tchire m'mbandakucha, atanyamula chida choyang'anira ndi kabuku kolembamo, sawoneka bwino kwa aliyense. Tonse tikukumbuka mphekesera za anamapopa za mu 2017 kuno ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, mmene anthu osalakwa anataya miyoyo chifukwa chongoganiziridwa. Choncho musanayambe maulendo amenewa, kaonekereni kwa a mfumu a midzi imene mudutsemo, fotokozani chimene mukufuna, ndipo aliyense wofunsa mumupatse magalasiwo ayang'anemo yekha. Musawalozetse kumene amayi akusamba kapena kuchapa, ngakhale mbalameyo ikhale yokongola bwanji. Anyamata a malegeni ndi ulimbo musawakalipire msanga. Iwo ndi amene amadziwa mtengo uliwonse umene uli ndi chisa, ndipo mukawatenga bwino adzakhala okulondolerani njira.

Mphunzitsi wopuma, Luchenza

Zikomo kwambiri nonse atatu. Achikulire a ku Khonjeni, pempho langa lija ndalibweza ndisanalipereke. Ndinaiwala kuti ine ndemwe ndinakwerapo sitima imeneyo ndili mnyamata, nditakhala pa thumba la chimanga cha munthu wina kuchokera pa Luchenza mpaka ku Limbe. Komabe pa mfundo imodzi sindinagonje. Ngati okonza njanji amalambula kale kamsewu kodutsamo zipangizo zawo m'mbali mwake, sindiona cholakwika kuti tsiku lina kamsewu koteroko kasamalidwe, kakhale ndi timilatho take take, kuti akabaza, ana a sukulu ndi ife oonera mbalame tisamapikisane ndi sitima pa mlatho umodzi. Mnyamata amene anaponya njinga mumtsinje uja sanakwere pamenepo chifukwa chokonda ngozi, koma chifukwa panalibe pena powolokera.

Loweruka lapitali ndinayesa ndekha, opanda ana, kutsata kanjira kolowera ku Khonjeni. Ndinanyamuka nkhuku zitangotsika, ndinayenda mwina makilomita 6 okha, ndipo ndinaima kasanu monga mwa malangizo a mayi a ku Likhubula. M'kabuku mwanga ndinalembamo mitundu 17, ngakhale itatu mwa imeneyo ndinangoilemba maonekedwe chifukwa maina ake sindiwadziwa. Chisa cha nantchengwa ndinachipeza pa mkuyu wina pafupi ndi madzi, ndipo amene anandilozera ndi mnyamata amene legeni inali ikulendewera m'khosi mwake, monga ananenera achimwene a ku Chitakale. Nditamupatsa magalasi anayamba kuyang'anira mbali yolakwika, n'kudabwa kuti mtengo wathawira kutali.

Mayi a ku Likhubula, imodzi mwa zitatu zija ndi iyi: inali pa bango lowerama pamwamba pa dziwe, yaying'ono kuposa mpheta yoluka zisa, msana wobiriwira mowala ngati thambo, pamimba pofiirira, mlomo wautali wofiira, ndipo inadzigwetsa m'madzi kawiri n'kutuluka ndi kansomba. Mnyamata uja anaitchula dzina la Chilhomwe limene sindinaligwire bwino. Kodi m'mabuku anu imatchedwa chiyani, ndipo kodi ku Ruo kumtunda kwa Lujeri munthu angalowe ndi ana asanu ndi atatu pa tsiku limodzi, kapena ndiwagawe magulu awiri?